Kalata kwa Tadala: za manga ndi nthabwala za pa foni ya mwana

Mwana wanga Tadala,

Moni kwa iwe ndi bambo a Yamikani kumeneko ku Leicester. Wandifunsa ngati um'lande mnyamatayo mabuku ake onse a zithunzi a ku Japan, aja a manga, chifukwa cha sitika yosakhala bwino imene waiona m'gulu la anzake pa WhatsApp. Usam'lande. Manga ambiri amakamba za mpira, ankhondo, ophika, ana asukulu olimbana ndi mayeso. Ukawataya onse, mwana wa zaka 13 angophunzira kubisa, pomwe chimene ukuopacho sichili pashelefu yake. Chili pa foni.

Nkhawa yakoyo ndi yomveka. Ku Japan kuli mtundu wa zojambula umene umaonetsa ana, kapena anthu a nkhope ndi matupi a ana, mowasandutsa chinthu chodzutsa chilakolako. Akakhala atsikana amati lolicon, akakhala anyamata shotacon, ndipo pa intaneti amangoti "loli" ndi "shota". Mawu amenewa uwadziwe, ndiwo udzawaone m'mauthenga. Dzikolo linaletsa kupanga ndi kugulitsa zithunzi zolaula za ana enieni mu 1999, koma kuzisunga linakuletsa mochedwa, mu 2014, chilango chake mpaka chaka chimodzi kundende kapena chindapusa chofika mayeni 1 miliyoni. Ngakhale pamenepo aphungu anasiya dala manga ndi anime, makatuni a kanema a ku Japan, kunja kwa lamulolo, pomvera ojambula ndi osindikiza amene ankati palibe mwana weniweni wavulazidwa. Mu 2010 Tokyo ikukonza zokhwimitsa malamulo ogulitsira mabuku otere kwa osakwana zaka 18, makampani akuluakulu monga Kodansha ndi Shueisha analengeza zonyanyala chionetsero cha anime cha mzindawo. Mu 2015 nthumwi ya United Nations, Maud de Boer-Buquicchio, inapempha kuti manga oipitsitsa a mtunduwu aletsedwe, koma lamulo lotero silinabwere.

Komwe ulikoko nzosiyana, ndipo apa mpamene makolo ambiri amagona tulo. Gawo 62 la lamulo la Coroners and Justice Act 2009 limati kusunga chithunzi cholaula cha mwana, ngakhale chojambula pamanja, ndi mlandu wa zaka zofika 3 kundende. Khoti limayang'ana ngati wojambulidwayo akuoneka ngati mwana. Choncho chodzikhululukira chotchuka chija, choti "ameneyu si mwana, ndi mzimu wa zaka 500", kumeneko chilibe ntchito. Komanso ku England mwana amayamba kuyankha mlandu ali ndi zaka 10.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa koposa si apolisi, ndi nthabwala. Mwana sayamba ndi kufunafuna zolaula. Amayamba ndi kuseka. Pa 4chan, malo ochezerapo a pa intaneti amene anayamba mu 2003 motsanzira Futaba Channel ya ku Japan, anatenga kachimbalangondo kojambulidwa kosalakwa nkukasandutsa Pedobear, chizindikiro chonyodolera ogwirira ana. Kanafala kwambiri mpaka mu 2010 nyuzipepala ina ya ku Poland inakasindikiza mosadziwa pamodzi ndi zidole za masewero a Olimpiki a ku Vancouver. Lero nthabwala zake ndi za apolisi a FBI kuthyola chitseko munthu akayamikira kamtsikana ka mu anime. Zimaoneka ngati zikudzudzula, koma zimaphunzitsa mwana kuti nkhaniyi ndi yoseketsa, ndipo wodandaula ndiye wosadziwa macheza. Zili ngati kuthira mchere pang'onopang'ono m'ndiwo: lilime limazolowera, osazindikira kuti wawawa. Akuluakulu ofuna kunyengerera ana amadziwa zimenezi. M'magulu a pa mapulogalamu ochezera a Discord ndi Telegram amayamba ndi meme, chithunzi cha nthabwala, kenako chojambula cholaula, kenako "tiye tikachezere kumbali", pomaliza nkupempha chithunzi cha mwanayo mwini wake.

Tsono uchite izi, ndipo foniyo muigwire nonse awiri, osati iye atagona. Pa WhatsApp lowa mu Settings, Storage and data, uzimitse Media auto-download pa zonse zitatu: data, Wi-Fi ndi roaming. Ukapanda kutero, chilichonse chimene mnzake waponya m'gulu chimadzisunga chokha m'foni yake. Mu Privacy, pa Groups, sankha My contacts kuti mlendo asamulowetse m'gulu. Ngati foni ndi ya Android ika Google Family Link, ukhome SafeSearch, chosefa zolaula pofufuza pa Google, ndi kuika kuti pulogalamu iliyonse yatsopano idikire chilolezo chako. Pa iPhone ndi Screen Time, nambala yachinsinsi ikhale yako. Pa Discord tseka mauthenga ochokera kwa anthu amene si anzake. Dziwa kuti zosefazi zimaphonya zojambula kawirikawiri, ndipo malo owerengerapo manga ulere mwakuba ndiwo oipa kwambiri, chifukwa amasakaniza za ana ndi za akulu patsamba limodzi, malonda olaula ali m'mbali. Bola umulipirire pulogalamu yovomerezeka monga Shonen Jump ya Viz. Pogula buku tembenuza kuchikuto: T ndi la achinyamata, T+ la okulirapo, M la akulu okha. Kukongola kwa nkhope zapachikuto kusakupusitse, mabuku ena a akulu amajambulidwa ngati a ana.

Ukapeza chithunzi choipa, usachitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa ine kapena mphunzitsi, ndipo usachijambulenso ngati umboni. Kutero nkufalitsa. Lemba adiresi ya tsambalo, dzina la gulu ndi tsiku, ukanene ku Internet Watch Foundation, bungwe lolimbana ndi zithunzi zotere pa intaneti, kumene safuna dzina lako. Ngati pali wamkulu amene wakhala akum'lembera mwanayo, nena ku CEOP, nthambi ya boma yoteteza ana pa intaneti, usanafufute mauthengawo. Yamikani adziwenso nambala ya Childline yothandizira ana, 0800 1111, poti pali zina zimene mnyamata sanganene kwa mayi ake.

Polankhula naye usayambe ndi "waonera chiyani". Mufunse kuti nthabwalayo imaseketsa pati, ndipo woisekayo akuseka ndani. Umulonjeze kuti akakuonetsa chinthu chom'sowetsa mtendere sudzam'landa foni, chifukwa kuopa kulandidwa foni ndiko kumatseka ana pakamwa. Lonjezolo ulisunge. Nkhani ya lamulo aimve kwa bambo ake, modekha.

Asuweni ake kuno ali naye m'magulu omwewo, choncho ndiwauza azakhali ake azimitsenso zodzisunga zokha pa mafoni a ana awo, ndi kuwapatsa nambala yaulere yothandizira ana ya 116. Undiuze mukakambirana.

Ndine mayi ako,
Nabanda