Mankhwala ndimamwa koma kukhumudwa kumabwerabe, ndatopa ndi kugonekedwa

Azakhali,

Ndine mayi wapabanja, ndili ndi ana awiri ndipo ndili pantchito. Madokotala anandipeza ndi matenda a bipolar ndisanakwatiwe n'komwe, ndiye si zachilendo kwa ine ayi, koma pano ndafika potopa ndiye ndati ndikulembereni mwina mungandithandizeko nzeru.

Anthu akamva bipolar amangoganiza za mbali ija munthu amakwera, osagona, kuyankhula osapumira, kumwaza ndalama. Inenso zinkandichitikira, koma chiyambireni kumwa lithium mbali imeneyo inazizira. Chikundisautsa ine ndi mbali inayi, yotsika. Imayamba ndi tulo, ndimadzidzimuka pakati pausiku osagonanso, kenako foni ikaitana ndimangoiyang'ana mpaka idule yokha, mameseji a pa WhatsApp kuunjikana osatsegula, olo kusamba kumene kumakhala ngati andiuza kuti ndisenze thumba la simenti. Mwana wamng'onoyu amabwera ndi kope lake kuti amayi tandionereni homuweki, ine maso pa kope koma mutu osagwira kalikonse, kumangomuuza kuti wakhoza kuti achokepo. Ndipo sikuti pachitika kanthu ayi, kulibe maliro, sitinayambane ndi abambo akunyumba, zimangobwera basi. Zikafika poipa ndimasiya kudya, maganizo oti bola kungofa amayamba kundizungulira, ndiye apo ndi pamene amanditengera kuchipatala n'kukandigoneka.

Sindikunyoza chipatala, pakanapanda kugonekedwa mwina bwenzi kulibe ine. Koma kuwodi ndi kuwodi Azakhali. Ukangolowa amasecha chikwama chako, usiku wina akukuwa wina akuimba pomwe iwe vuto lako ndi tulo lomwelo, m'mawa pamzere wa mankhwala anesi akuti yasamulani tione ngati mwameza, munthu wamkulu ndithu woti uli ndi ana. Ndiye chowawa kwambiri ndi potuluka. Umafika pakhomo aliyense akukuyankhula mosamala, ana akukuyang'ana cham'mbali kuti kaya amayi abwera ndi ati, apongozi anga nawo akangoona ndanenepako amati mwachiratu apa, mankhwalawa tasiyani muzingopemphera. Kupemphera ndimapemphera, koma ndinauzidwa kuti kusiya lithium mwadzidzidzi ndi kumene kumabweretsa matendawa msanga, ndiye zimenezo ayi.

Nkhani ya mankhwalayi nayonso yandizunguza mutu. Lithium ndimamwa osadumphitsa, magazi ndimakayezetsa kuti aone kuchuluka kwake komanso ngati impso ndi chithokomiro zili bwino, manja amanjenjemera moti kusaina pepala pamaso pa anthu ndimachita manyazi, ludzu losatha, mutu ukawawa sindingamwe ibuprofen kapena diclofenac chifukwa akuti amachulukitsa lithium m'magazi. Zonsezi ndimapirira. Ndinapempha adokotala kuti andipatseko mankhwala a dipuleshoni ngati fluoxetine amene mnzanga wina amamwa, anandiuza kuti kwa munthu wa bipolar mankhwala amenewo akhoza kukutembenuza n'kukukweza mbali ina ija, makamaka akakhala paokha. Anatchulako lamotrigine, eti amayamba pang'onopang'ono chifukwa ukathamangira amatha kutulutsa ziwengo zoopsa pakhungu, komanso quetiapine koma ameneyo amanenepetsa ndi kugonetsa kwambiri. Valproate anati ayi poti ndikadali pa msinkhu wobereka ndipo amavulaza mwana m'mimba. Vuto ndi loti tsiku la review anthu amakhala ambirimbiri, ukamati uyambe kufotokoza bwino nthawi yatha kale, ndipo tsikulo nthawi zambiri ndimakhala ndili bwinobwino ndiye ndimaoneka ngati ndilibe vuto.

Koma chenicheni chandilembetsa kalatayi ndi amuna anga. Ndi munthu wabwino, sanandithawe, koma pano ndikangokhala chete pang'ono funso ndi lakuti mwamwa mankhwala? Ndikadandaula kuti abwera mochedwa, mwamwa mankhwala? Moti ndilibenso ufulu wokwiya kapena kukhumudwa ngati munthu wina aliyense, chilichonse ndi matenda. Ndiye ndinayamba kubisa, kumaseka mokakamiza, mapeto ake zikayamba zenizeni zija iwo amazindikira mochedwa nditafika kale poti palibenso kuchitira mwina koma kugonekedwa. Anesi ena okoma mtima anandiuza kuti ndikakhala bwino tizikhala pansi n'kulemba zizindikiro zanga zoyambirira, woti aimbiridwe foni ndi ndani, ndi pamene pafunika kuthamangira kuchipatala. Nzeruyo ndaiona yabwino koma ndikayamba nkhaniyo amuna anga amangoti tisaitane zinthu zoti kulibe.

Ndiwayambe bwanji kuti amvetse popanda kuona ngati ndikuwadzudzula? Nanga kuntchito, abwana anga amangodziwa kuti ndimadwaladwala, ndiwauze zoona kapena ndidziputira mavuto, poti anthu akamva za matenda a maganizo amangothamangira kunena kuti misala? Komanso mwana wanga wamkulu, mtsikana, anandifunsa kuti amayi kodi inenso ndidzadwala ngati inu. Ndikudziwa kuti matendawa amayenda m'magazi ngakhale si mwana aliyense amatengera, koma pakamwa panangouma osamuyankha, mpaka pano akudikirabe. Ndimuuze chiyani mwana ameneyu?

Ndine,
Mayi wothedwa nzeru