Lipoti: momwe nyuzipepala zidakokera anthu ku filimu ya nkhondo ya ku Somme

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Mudandituma ku msonkhano wa akatswiri a mbiri ya kanema kuti ndikamve za kutsatsa mafilimu. Zidakambidwa zambiri, koma gawo lomwe ndikufuna mulimvetsetse ndi la filimu ya The Battle of the Somme ya mu 1916.

Nkhondo ya ku Somme, ku France, yomwe idali gawo la nkhondo yoyamba ya dziko lonse, idayamba pa 1 Julaye 1916, ndipo tsiku lomwelo asilikali a Britain oposa 19,000 adaphedwa. Pa 21 Ogasiti, mfuti zikulirabe, filimu yomwe adajambula Geoffrey Malins ndi John McDowell idayamba kuonetsedwa m'nyumba za kanema 34 mu London. M'masabata 6 okha adagulitsa matikiti pafupifupi 20 miliyoni m'dziko lonse la Britain.

Otsatsa adatsamira kwambiri pa akuluakulu. Adalengeza kuti ndi zithunzi zovomerezedwa ndi boma, adagwiritsa ntchito kalata ya David Lloyd George, nduna ya zankhondo, yolimbikitsa kuti aliyense aionere, ndipo Mfumu George V itaionera ku nyumba yachifumu ya Windsor, nkhaniyo nayonso idawathandiza.

Koma chidandikhudza mtima ndi china. Filimuyo idalibe mawu, idangokhala ndi malemba pakati pa zithunzi otchula magulu a asilikali, monga Lancashire Fusiliers. Nyuzipepala za m'madera zinkatchula gulu la kwawo, kuti anthu abwere adzaone anyamata awo. Nyuzipepala zomwezo ndizo zinkasindikiza mayina a ophedwa ndi osowa. Taganizani mayi wosanthula mayinawo m'mawa, madzulo n'kukakhala mumdima akuyang'anitsitsa nkhope iliyonse yodutsa, mwina n'kuona mwana wake. Kwa ine, chiyembekezo chimenechi ndicho chidadzaza mipando, osati kalata ya nduna.

Sionse adakondwa. Hensley Henson, mkulu wa mpingo ku Durham, adalembera nyuzipepala ya The Times kudandaula kuti imfa yasanduka chisangalalo, ena oferedwa adamutsutsa, ndipo mkanganowo udangowonjezera chidwi. Tidauzidwanso kuti chithunzi chotchuka cha asilikali akutuluka m'ngalande chidali chongoyeseza, kutali ndi pomenyanirana.

Pa filimu yomwe tikukonza ya asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga, ndikupempha kuti titchule maboma omwe anthuwo adachokera, koma tisalonjeze banja lililonse kuti liona agogo awo ngati tilibe umboni. Tidzakambirane izi pa msonkhano ukubwerawu tisanapite kunyuzipepala.