Madokotala a khansa apatsidwe mpata wofufuza

Akonzi,

M'maiko ena muli madokotala amene m'mawa amachita opareshoni yochotsa chotupa cha khansa, masana n'kukhala pa kompyuta kusanthula DNA (malangizo achibadwa opezeka m'maselo a thupi) ya chotupa chomwecho. Amayang'ana majini (tizigawo ta DNA) amene asokonekera, monga jini yotchedwa TP53, kuti amvetse mmene matendawo ayambira.

Ifenso tikufunika anthu otere. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero yafala kwambiri, ndipo ambiri amakafika kuchipatala ngakhale phala likukana kutsika. Bwanji ophunzira za kompyuta ku Mzuni osagwirana manja ndi madokotala a pa Mzuzu Central Hospital? Komatu boma liwonjezere madokotala, chifukwa wongokhalira kuthamanga m'mawodi tsiku lonse sangapeze nthawi yofufuza.

Wowerenga wanu,
Chibavi, Mzuzu