Lipoti la maphunziro a ku Lilongwe pa kasungidwe ka backup ya seva yathu

Anzanga a m'komiti,

Munandituma ndi funso lakuti n'chifukwa chiyani backup yathu (kope la mafayilo limene timasunga kuti akatayika tiwabweze) imatha mbandakucha, diski n'kumadzaza msanga chonchi. Yankho ndabwera nalo, ndipo vuto lili kwa ife tomwe. Usiku uliwonse timakopera seva yonse (kompyuta imene imasunga mafayilo athu), pomwe mafayilo amene asintha tsikulo ndi ochepa chabe.

Tinaphunzira pa Bacula, pulogalamu yaulere yopangira backup. Aphunzitsi anatchulanso Bareos, imene inapatuka ku Bacula mu 2010, koma kagwiridwe kake n'kofanana. Backup ili ndi mitundu itatu. Full imatenga zonse. Incremental imatenga zokhazo zimene zasintha chichitikireni backup yomaliza, kaya inali ya mtundu wanji, n'chifukwa chake imatha msanga. Differential imawerengera kuyambira pa full yomaliza, ndiye imanka ikula mpaka mutapanga full ina.

Chimene sindichiiwala ndi cha tsiku lachiwiri. Aphunzitsi anali ndi full ya Lamlungu ndi ma incremental asanu. Tonse tikuona, anafufuta ya Lachitatu, n'kutiuza kuti tibweze seva mmene inalili Lachisanu. Mafoda onse anabwerera bwinobwino, ena mpaka anaomba m'manja. Kenako anatsegula fayilo ya malipiro imene anaisintha Lachitatu lija. Manambala anali a Lamlungu. M'chipinda munangoti zii. Ine ndinaganiza za buku lathu la ngongole za mamembala, kuti tikhoza kulibweza lili losakwanira, ife osadziwa, n'kuyamba kulonjerera munthu ndalama zimene anabweza kale.

Apa ndi pamene ndinaona ntchito ya differential. Ikanakhalapo ya Lachinayi, tikanangofuna zitatu: full, differential imeneyo, ndi incremental ya Lachisanu. Kusowa kwa ya Lachitatu sikukanatipweteka.

Ndondomeko imene Bacula imabwera nayo ndi iyi: full pa Lamlungu loyamba la mwezi, differential pa Malamlungu otsalawo, incremental kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, zonse nthawi ya 23:05. Ndikupempha kuti titengere yomweyo. Kungoti magetsi akathima pakati pa full, UPS yathu (batire yothandiza magetsi akathima) siifika nayo kumapeto. Mu Bacula muli lamulo lotchedwa Rerun Failed Levels, limene limachititsa kuti full ikalephera, backup yotsatira ikhale full m'malo mongopitiriza ndi incremental. Tiliyatse. Komanso tisafufute full yakale pomwe ma incremental ndi ma differential odalira iyo tikuwasungabe, chifukwa paokha sangabweze seva.

Za kusunga pa intaneti anakambapo, koma ndi mtengo wa bandulo sindikuona kuti full ya mwezi ndi mwezi tingaikwanitse panopa. Lamulo la 3-2-1 ndiye tilitsate: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa ofesi. Amene munaona madzi a namondwe wa Freddy ku Blantyre mu Malichi 2023 mukudziwa kuti diski yokhala pa shelefu imodzi ndi seva imapita nayo limodzi.

Pa msonkhano ukubwerawu ndikupempha muvomereze ndalama ya diski yachiwiri, musankhe amene azikaisunga, ndiponso mundipatse Loweruka limodzi pa mwezi loti ine ndi a msungichuma tizibweza buku la ngongole pa kompyuta ina n'kufananitsa manambala ndi malisiti.