Ntchito za akadaulo a m'mayunivesite athu tizizimva m'Chichewa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndipereke maganizo anga pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kuyambira mwezi wa Meyi chaka cha 2023, pamene ndinaperekeza mdzukulu wanga kukabayitsa katemera wa taifodi. Pamzere paja amayi awiri amene anali patsogolo panga ankanong'onezana kuti mankhwalawo ndi achilendo ndipo palibe amene akudziwa zimene adzachite m'thupi la mwana, moti mmodzi anali atamanga kale chitenje kuti abwerere ndi mwana wake kumbuyo. Nditawafunsa ngati ankadziwa kuti katemerayu anafufuzidwa konkuno ku Blantyre zaka zisanu m'mbuyomo, onse awiri anapukusa mitu.

Kafukufuku ameneyu anayamba mu 2018 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ndipo makolo a ana oposa 28,000 anavomera kuti ana awo atengepo mbali. Anatsogolera ntchitoyi ndi Pulofesa Melita Gordon ku bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene limagwira ntchito limodzi ndi sukulu ya madokotala ya College of Medicine, yomwe lero ili pansi pa yunivesite ya KUHeS. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinasonyeza kuti katemerayu amachepetsa matenda a taifodi ndi magawo pafupifupi 80 pa 100 alionse. Komatu ntchito yotere sagwira pulofesa yekha. Panali anamwino amene ankabaya ana, ogwira ntchito m'labotale amene ankayeza magazi a mwana aliyense wobwera atatentha thupi, olemba kaundula ndiponso madalaivala, ndipo ambiri mwa iwowa ndi ana a m'madera omwewo. Akatswiri a m'mayiko akutali anawerenga za ntchitoyi n'kuiyamikira, pamene mayi wa ku Ndirande, amene mwina mwana wa mnansi wake anali m'kafukufukuyo, sanamve kanthu.

Chitsanzo china ndi makina otchedwa Pumani, amene amathandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma. Makinawa anakonzedwa mogwirizana pakati pa yunivesite ya Rice ya ku America ndi madokotala a ana a pachipatala cha Queen Elizabeth, ena mwa iwo aphunzitsi a ku College of Medicine monga Dokotala Kondwani Kawaza. Amene anawaonapo akudziwa kuti ndi kabokosi kopanda matama, kokhala ndi botolo la madzi limene limachita thovu mpweya ukamadutsa kupita m'timphuno ta khanda. Lipoti la mu 2014 linasonyeza kuti ana 71 pa 100 alionse amene anaikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 okha mwa amene ankangopatsidwa mpweya mwa njira yakale. Dzina la makinawa ndi la Chichewa, koma mbiri yake ili m'Chingerezi chokhachokha.

Ndikhoza kutchulanso mbewu za nyemba monga Kalima zimene zinachokera ku Bunda, kapena mtanthauziramawu wa Chichewa amene akatswiri a ziyankhulo ku Zomba anatikonzera, koma danga ndi lochepa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti dzina la mphunzitsi wa payunivesite limamveka m'nyuzipepala zathu pa zifukwa ziwiri basi: akanyanyala ntchito pofuna kukwezeredwa malipiro, kapena akafunsidwa kuti athirire ndemanga pa mikangano ya zipani. Munthu wamba wazolowera kuganiza kuti pulofesa ndi katswiri wa ndale amene amayankhula pawailesi madzulo. Sindikunena kuti ndemangazo n'zosafunika ayi, koma n'kachigawo kochepa ka zimene anthuwa amachita.

Nawo mayunivesite ali ndi mbali yawo. Mphunzitsi amakwezedwa udindo makamaka poona kuchuluka kwa zimene wasindikiza m'magazini a akatswiri anzake, ndipo magaziniwa ambiri ndi akunja, ena olipiritsa ndalama zambiri kuti uwerenge nkhani imodzi. Palibe chodabwitsa tsono kuti munthu wanzeru zake amalimbikira kulembera anzake a ku London ndi ku Boston, chifukwa tsiku limene angathere akufotokozera alimi a ku Mitundu m'Chichewa silimuonjezera kanthu pa fomu yopempha kukwezedwa. Ndikupempha akuluakulu a UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni kuti ntchito yofotokozera anthu zotsatira za kafukufuku m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyawo ndi ziyankhulo zina izikhala ndi mlingo wake pokweza aphunzitsi, pakuti mayunivesite amenewa amayendera misonkho ya anthu omwewo.

Kwa inu a Mkonzi, pempho langa ndi lakuti mupatule tsamba limodzi pamwezi loti mphunzitsi kapena wogwira ntchito m'labotale azitifotokozera chimene wapeza, mmene anachipezera ndi ntchito yake kwa ife. Ena adzanena kuti Chichewa chilibe mawu a sayansi, koma amayi aja ndinawafotokozera za katemera m'Chichewa chomwechi kwa mphindi zochepa chabe, ndipo onse awiri anabayitsa ana awo ine ndikuona.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Zingwangwa, Blantyre