Anyamata, kugonja pa jiu jitsu si manyazi

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsako kadanga. Ine kwathu ndi ku Mangochi koma ndili kuno ku Johannesburg chaka cha 6 tsopano, ntchito yanga ndi yopenta nyumba ndi kuika matailosi. Chandilembetsa ndi kavidiyo komwe mwana wa achemwali anga ananditumizira pa WhatsApp sabata yathayi, iyeyo ndi anzake atatu ali kuseri kwa nyumba ku Lilongwe, pa simenti penipeni, akukanyangana pakhosi ati akuphunzira jiu jitsu yomwe anaona pa YouTube. Wina maso ali tong'oo, misempha ya pamphumi yatuluka, anzake nkumaseka akuti limba aise usagonje. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Masewerawa ndimawadziwa, ndakhala ndikupita ku jimu zaka 3 ndipo pano ndili ndi lamba wa buluu, wachiwiri ukachoka pa woyera wa oyamba kumene, ndiye sindikulankhula ngati munthu wodana nawo ayi, ndimawakonda kwabasi. Koma tsiku loyamba ndinalowa mtima ukugunda ndipo mpaka lero kamantha kaja sikanathe. Mantha anga sanali a ululu. Ine manja ndi mawondo ndiye khasu langa, ndikathyoka mkono palibe bwana angandilipire nditakhala pakhomo, medical aid ndilibe, lendi ikudikira, amayi kumudzi akudikira ka Mukuru ka mwezi ndi mwezi kuti agule feteleza. Munthu wotere akamaopa kuvulala mungamunene kuti ndi wamantha? Ine ndimati akuganiza bwino.

Kwa amene sakudziwa, mu jiu jitsu mulibe zibakera kapena mateche. Mumagwetsana pansi nkumalimbirana pompo, wina apinde mkono kapena mwendo wa mnzake mpaka pomwe fupa silingapitirire, kapena amufinye pakhosi. Ndiye pali lamulo limodzi lomwe lagwira masewera onsewa: zikakuthina umamenya mnzako pathupi kawiri katatu ndi dzanja, timati tap, kapena ukuwe ndi pakamwa ngati manja agwidwa, iye asiye pompo. Basi. Mumadzuka, kugwirana chanza, kuyambanso. Mukachotsapo lamulo limeneli zomwe zatsala si masewera, ndi kupwetekana.

Ndipo zapakhosizi anthu samvetsa. Sikuti munthu amabanika mpweya ngati momwe ambiri amaganizira, chimatsekeka ndi misempha iwiri ya m'mbali mwa khosi yomwe imapititsa magazi ku ubongo, nde ikagwidwa bwinobwino masekondi 10 ndi ambiri, munthu wakomoka kale, pena osamva ululu uliwonse. Ku jimu kochi amakhala akuyang'ana, mnzako naye anaphunzitsidwa kuti akamva thupi lalefuka asiye. Kuseri kwa nyumba kuja akuyang'ana ndani? Wogwira foni uja?

Ine chinandivulaza ndi manyazi. Chaka changa choyamba ndinalimbana ndi kamnyamata kena kazaka mwina 19, kochepa thupi, kanandigwira mkono pa armbar, kagwiridwe kowongola mkono mpaka chigongono chifune kupindikira kumbuyo, ndipo ndinadziwa ndithu kuti wandipeza, koma mumtima ndinati ine bambo wamkulu wonyamula matumba a simenti ndigonje kwa mwana uyu anthu akuona? Ndinalimbikira kukoka. Chigongono chinalira kuti thwa. Sichinathyoke mwamwayi, koma masabata 3 sindinathe kukweza rola yopentera, ntchito yomwe ndinali nditagwirizana kale inapita kwa wina, mwezi umenewo kumudzi sindinatumize kalikonse ndipo kuwauza amayi chifukwa chake kunandivuta. Mwana uja sanalakwe, anakoka pang'onopang'ono akundidikira. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera ku una, ndinazimvetsa nditamanga bandeji.

Pali nkhani yomwe anthu a jiu jitsu amakonda kuikamba monyadira. Mu 1951 pa bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro, Hélio Gracie, mmodzi wa eni ake masewerawa ku Brazil, analimbana ndi katswiri wa judo wa ku Japan Masahiko Kimura. Kimura anamupinda mkono, Hélio anakana kugonja, mkono unathyoka, mpaka mkulu wake Carlos anaponya thaulo kuti ziime. Kagwiridwe kameneko mpaka lero timakatcha kimura. Anthu amati onani kulimba mtima. Chabwino, koma uja unali mpikisano wa dzina la banja lonse pamaso pa chikhamu cha anthu. Iwe Lachiwiri madzulo, mawa uli ndi mayeso kapena ganyu, ukuthyoletsa mkono kuti upeze chani?

Enanso atengeka ndi UFC, mipikisano ija yomenyana mu khola, makamaka kuno chitengereni lamba wa UFC Dricus du Plessis wa ku South Africa konkuno mu 2024 mafana ambiri akuthamangira ku majimu. Iwo aja ndi ntchito yawo, ali ndi madokotala pambali. Olo bungwe la IBJJF lomwe limayendetsa mipikisano ikuluikulu ya jiu jitsu lili ndi zinthu zomwe limaletsa, kumunyamula mnzako nkumumenyetsa pansi ndi koletsedwa kwa aliyense, ndipo heel hook, ija yopotokola chidendene, a lamba woyera ndi wa buluu saloledwa nkomwe. Chifukwa chake nchakuti umapotokola chidendene koma chowonongeka ndi bondo, ndipo ululu umabwera mochedwa, ukamati ndichite tap misempha ya m'bondo yaduka kale. Bondo likatero ndi opaleshoni ndi miyezi yambirimbiri usanathamangenso. Ndiye mwana waonera kavidiyo ka mphindi imodzi akukayesa pa mnzake, inu a Mkonzi tangoganizani.

Chomwe ndaona pa zaka zitatuzi nchakuti woopsa si wa lamba wakuda. Ameneyo amakugwira ngati dzira, amakugonjetsa ka 5 iwe osamva kuwawa paliponse. Woopsa ndi watsopano wamphamvu amene akufuna kuonetsa, amangophiriphitha, zigongono ndi mawondo zili mbali zonse. Wotereyu ine ndimamukana poyera, ndimati lero ayi achimwene, ndipo kochi wabwino sangakunyozeni pa zimenezo. Mukapeza kochi amene amaseka wogonja kapena amaponya watsopano kwa zimphona tsiku loyamba kuti alimbe, tengani chikwama chanu muzipita olo mutalipira kale mwezi wonse. Zinazi ndi zing'onozing'ono, kuwenga zikhadabo, kuchapa yunifomu tsiku lililonse mukasewera, kukhala kunyumba mukatuluka chipere chifukwa pa mat chimafala ngati moto wa tchire.

Makolo, sindikuti muwaletse anawa. Masewerawa anandithandiza ine kusiya mowa wa Lachisanu lililonse, anandiphunzitsanso kuugwira mtima munthu akandiputa. Mukawaletsa azikapangabe mobisa kudambo. Afunireni malo pomwe pali mat ndi mphunzitsi. Jiu jitsu ikasowa judo ilipo kwathu konko, mwana wathu Harriet Bonface anakatiimirira mpaka ku Olympics ya ku Tokyo, ndipo awiriwa ndi pachibale, jiu jitsu ya ku Brazil inachokera kwa mphunzitsi wa judo Mitsuyo Maeda. Ku judo chinthu choyamba amakuphunzitsa ndi kagwedwe, kubweza chibwano pachifuwa kuti nkhongo isagunde pansi, osatsogoza dzanja pogwa. Anyamata a mu vidiyo ija palibe olo mmodzi amene amadziwa zimenezi, ndinaona momwe wina anagwera mutu unatsala pang'ono kupeza ngodya ya khonde.

Mwana wa achemwali ndinamuimbira m'mawa mwake, tinalankhula nthawi yaitali. Poyamba anati ankolo mwakalamba, kenako nditamuuza za chigongono changa ndi mwezi uja agogo ake sanalandire kanthu anangoti zii. Tagwirizana kuti zapakhosi ndi zapasimenti ziime. Mu Disembala ndikubwera pa basi, ndayamba kale kugula timat ta jimu timene timalumikizana tija, tiwiri tiwiri malipiro akalowa, ndipo anzake atatu aja ndamuuza kuti adzabwere nawo.

Wowerenga wanu,
Johannesburg