Lipoti la msonkhano wa ku Blantyre pa nkhani ya mitengo yonyamulira zitsulo zazitali

Kwa Apampando, Alembi, Asungichuma ndi mamembala nonse a gulu lathu la amisiri owotcherera zitsulo ndi eni mahadiweya a kuno ku Mulanje.

Monga mudagwirizana pa nkhumano yathu ya mwezi watha ku Chitakale, ndidapita ku Blantyre kukakuyimirirani pa msonkhano wa masiku awiri umene udasonkhanitsa eni mathiraki, ogulitsa zitsulo, makontilakitala ndi akuluakulu ena oona za misewu. Ndidanyamuka Lachiwiri m'bandakucha kudzera msewu wa Midima ndipo ndidabwerako Lachinayi m'mawa, chifukwa zokambirana za Lachitatu zidatha kutada kale. Za kugona kwachiwiriko ndazitchula pachiyambi pomwe popeza ndamva kuti ena ayamba kale kufunsa chifukwa chake alawansi idali ya masiku atatu. Malisiti onse ali kwa Asungichuma, ndipo wofuna kuwaona akawaone.

M'mawa wa tsiku loyamba udathera pa malonje ndi zolankhula za alendo olemekezeka, kenako padali nkhani ya inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA, imene ikukhudza kwambiri otuluka ndi magalimoto kunja kwa dziko, osati ife.

Chimene ndikuona kuti chidalipira ulendo wonsewu chidabwera madzulo, pamene bambo wina wachikulire, amene adayamba ngati dalaivala ndipo tsopano ali ndi mathiraki ake, adafotokoza mmene iwo amawerengera mtengo. Ife takhala tikudandaula kuti amathiraki amatidyera masuku pamutu akamatilipiritsa ndalama zambiri pa katundu wa matani 3 kapena 4 okha. Bamboyo adati mwini thiraki akaona zitsulo zazitali, funso lake loyamba silikhala la kulemera kwake, koma la kutalika kwa ngolo ya thiraki imene ingazisenze. Chitsulo chomangira cha Y12, chija chonenepa mamilimita 12, chimabwera chotalika mamita 12 ndipo chimalemera makilogalamu ochepera pang'ono 11, kotero kuti zitsulo 94 ndiye zimakwana tani imodzi. Munthu wogula zitsulo 200 ali ndi matani awiri okha ndi pang'ono, katundu amene ka lole kakang'ono kangathe kusenza, koma kuti zifike zosapinda zikufuna ngolo ya mamita 12, yomwe imatha kunyamula matani 30 kapena kuposerapo. Dizilo, matayala, malipiro a dalaivala ndi wothandizira wake, zonsezi ndi za thiraki yaikuluyo, ndipo wolipira ndi mwini matani awiri aja. Pamwamba pa izi, thirakiyo ikatsitsa katundu ku Limbuli kapena ku Chisitu imabwerera ku Limbe yopanda kanthu, ndipo ulendo wobwererawo nawonso amauwerengera pa mtengo womwewo. Ndivomere kuti nditamva zimenezi ndidachita manyazi pokumbukira mawu amene ndidalankhulapo kwa eni malole ena, ngakhale kuti alipo ndithu ena amene amangokweza mtengo akaona kuti munthu wapanikizika.

Adatikumbutsanso kuti tikamagula chitsulo ku Limbe timakhala tikulipira kale ulendo wina wautali kwambiri. Zitsulo zambiri zazikulu zimachokera ku South Africa, ndipo thiraki yochoka ku Johannesburg imayenda makilomita oposa 1,600 kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Zobue isanalowe pa Mwanza. Pa chipata chilichonse pali ndalama zolipira ndi masiku odikira, ndipo zambiri mwa ndalamazo zimafuna madola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa matayala, masipeya ndi zolipira za m'njira udakwera nthawi yomweyo. Pamenepa palibe chimene gulu ngati lathu lingasinthe. Mbali imene ili m'manja mwathu ndi ya kuchoka ku Limbe kufika kuno.

Lachitatu m'mawa kudali nkhani ya malamulo ndi masikelo a pamsewu. Malire amene mayiko a SADC ndi COMESA adagwirizana ndi akuti thiraki ndi ngolo zake zisapitirire matani 56 kulemera konse ndi mamita 22 kutalika, pamene lole wamba wopanda ngolo asapitirire mamita 12.5. Sikelo imayang'ananso kulemera kwa pa ekiselo iliyonse: matani 10 pa ekiselo imodzi ya matayala awiriawiri, 18 zikakhala ziwiri pamodzi, ndi 24 zikakhala zitatu. Ichi n'chifukwa chake zitsulo zimavuta, popeza thiraki itha kukhala yosadzaza koma n'kugwidwabe pa sikelo ngati mitanda yachitsulo yaunjikidwa moti kulemera kwagwera kumbuyo kokha. Injiniya wina adafotokoza za kafukufuku wotchedwa AASHO Road Test, amene adachitika ku Illinois m'dziko la America kuyambira 1958 mpaka 1960, yemwe adasonyeza kuti kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ndidalemba nambala imeneyi kawiri m'kope langa poganizira mmene phula wa pakati pa Luchenza ndi Muloza amaonekera mvula ikatha.

Katundu akapitirira malire aja amalowa m'gulu la amene timawaona atapachika chikwangwani cha Abnormal Load. Pamenepo pamafunika chilolezo chapadera chochokera ku nthambi ya boma yoona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu, mbendera zofiira, nthawi zina galimoto yoperekeza, ndipo kawirikawiri amaloledwa kuyenda masana okha. Pofika pamalo pamafunikanso kireni yotsitsira, chifukwa mtanda wa mamita 15 si wotsitsa ndi anyamata aganyu. Chilichonse mwa izi ndi ndalama, ndipo tsiku limodzi limene thiraki yaima kudikira kireni amalilipiritsa kwa mwini katundu.

Apa m'pamene padatuluka mfundo imene idandisangalatsa kuposa zonse monga mmisiri. Injiniya uja adati nthawi yabwino yochepetsera mtengo wonyamulira ndi pojambula pulani, osati pokambirana ndi dalaivala. Denga la shedi kapena la tchalitchi lofuna mtanda wa mamita 15 kapena 18 litha kujambulidwa kuti mtandawo ubwere m'zidutswa ziwiri zolowa pa ngolo wamba, n'kudzalumikizidwa pamalo ndi mapuleti ndi mabauti, malinga polumikizirapo pawerengedwa ndi injiniya osati mwa kungoyerekeza ndi maso. Abale anga, ntchito yolumikizayo ndi yathu. Lero mitanda ya mashedi a m'maesiteti a tiyi ndi ya masukulu imabwera yothaitha kuchokera ku Blantyre, ife n'kumangotsala ndi mageti, mafelemu a mawindo ndi mbaula. Injiniyayo adachenjezanso kuti kudula kuli ndi mtengo wake: chitsulo cha Y12 ukachidula pakati kuti chilowe pa lole yaing'ono, pochilumikiza m'konkire zidutswazo ziyenera kupitirirana pafupifupi theka la mita kapena kuposerapo, ndiye kuti pa nyumba yaikulu zitsulo zotayika polumikiza zitha kudya zonse zimene unapulumutsa pa thiransipoti.

Nkhani ya njanji idakambidwa mwachidule. Achikulire pakati pathu akukumbukira katundu wolemera akutsikira pa siteshoni ya Luchenza, koma palibe amene adalonjeza chilichonse chimene tingachiyike pa mapulani athu.

Msonkhano udamanga mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yopempha kuti chilolezo cha katundu wopitirira malire chizituluka msanga ndipo mitengo yake izilembedwa poyera, ndipo imeneyi ndidaivomera ndi manja awiri. Yachiwiri ndi yopempha apolisi apamsewu kuti akhwimitse chilango kwa malole ang'onoang'ono onyamula zitsulo zolendewera kumbuyo kapena zodutsa pamwamba pa kabini. Sindikukana kuti mchitidwewu ndi woopsa, makamaka m'makona ndi m'zitunda za ku Thyolo ndiponso pamene pali a njinga za kabaza ambiri monga ku Limbuli tsiku la msika. Koma ndidayimirira n'kunena kuti amene adabweretsa mfundoyi ndi eni ngolo zazitali, amene adzapindule malole ang'onowo akachotsedwa pamsewu, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene adanena kuti adzatumiza thiraki yake kukatula zitsulo 50 kuseri kwa phiri cha ku Phalombe, kumene namondwe wa Freddy adakokolola milatho mu Malichi 2023. Adandiombera m'manja, komabe mfundoyo idadutsa momwe idalili. Ndikuona kuti tiyenera kukonzekera, chifukwa akayamba kugwira, oyamba kugwidwa ndife.

Kukonzekera kwake n'kumene ndakhala ndikunena kuyambira chaka chatha: tizigula pamodzi ndi kudzaza ngolo imodzi. Mukukumbukira kuti tidayesapo. Mamembala 11 tidalembetsa, tidagwirizana tsiku, thiraki tidaipeza, koma kutatsala masiku awiri anzathu anayi adakatenga katundu wawo paokha ndi ka lole ka mlamu wa mmodzi mwa iwo, osauza ngakhale Alembi. Otsalafe tidagawana mtengo wa thiraki yonse, ndipo ndalama yowonjezera imene ine ndi anzanga awiri tidatulutsa m'thumba kuti dalaivala asabwerere ndi katundu sidabwezedwe mpaka lero, ngakhale kuti nkhaniyi yalowa m'maminitsi katatu. Zitsulo za anzathuwo zidafika zopindidwa pakati ngati uta, ndipo ena mwa iwo adabwera kudzabwereka zida pa shedi yanga kuti aziwongole. Sindikutchula mayina chifukwa eni ake akudzidziwa, koma ndizovuta kumva anthu omwewo akufunsa za alawansi ya tsiku limodzi.

Ena amati kugula pamodzi kumachedwetsa ntchito chifukwa kasitomala sadikira. Ndi zoona kwa munthu wa geti imodzi, koma zitsulo zimene timagwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi, monga ma Y10, ma Y12, machubu, ma angle iron ndi malata aatali, timazidziwa kale, ndipo siziola. Vuto lenileni ndi posungira komanso kukhulupirirana, ndipo kukhulupirirana kungabwere ngati aliyense apereka gawo lake la thiransipoti kwa Asungichuma thiraki isanaitanidwe, ndalama yosabwezedwa kwa wosintha maganizo. Ndidalankhulanso ndi eni mathiraki awiri za nyengo ya nandolo, pamene magalimoto amabwera kuno opanda kanthu kudzatenga matumba opita ku Limbe. Onse awiri adati ngati tingawauze tsiku pasadakhale, atha kubweretsa zitsulo zathu pa ulendo wobwerawo pa mtengo wotsikirapo, malinga tipeze mitanda yamatabwa yoyala pansi ndi matcheni omangira, komanso titsitse katundu tsiku lomwelo. Manambala awo ndawasiya kwa Alembi.

Ndikupempha Apampando kuti pa nkhumano ikubwerayi ayike pa ndondomeko nkhani ya malo osungira zitsulo pafupi ndi msewu waukulu, pamene ngolo ya mamita 12 ingakhote popanda kugumula mpanda wa munthu, nkhani ya ndalama yolipiriratu, ndi nkhani ya ngongole ya chaka chatha ija. Makope a zimene zidagawidwa ku msonkhano ndidabwera nawo atatu, ndipo limodzi lili pa shedi yanga ku Chitakale kwa aliyense wofuna kuwerenga tsikulo lisanafike.